Ufa wa Matole

Lachiwiri, 1 Juni 1993

Andigoneka mu wodi ya amuna, bedi la pafupi ndi zenera. Amake Chifundo, mkazi wanga, andisiyira bulangete lachiwiri, kapu, ndi kabuku aka. Akuti ndizilemba m'malo momangoyang'ana denga.

Vuto langa ndi kutsegula m'mimba kosaleka. Kunayamba nditangochira chibayo mwezi watha. Makapisozi amene anandipatsa atatha ndinakagula ena pamsika, poopa kuti chifuwa chingabwerere. Dokotala wa wodi ino, a Mwafulirwa, atamva zimenezi anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Akuti m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tabwino tosawerengeka, timene timathandiza kugaya chakudya ndi kutchingira toipa kuti tisapeze malo. Makapisozi sasankha. Anapha toipa ta m'chifuwa n'kupheranso tabwino ta m'mimba, ndipo pamalo posiyidwapo pamera zina.

Diripi imodzi. Mapilisi a fulajilo katatu pa tsiku. Madzi a mchere ndi shuga ndikangochoka kuchimbudzi. Kunja kukuwaza, monga mwa nthawi zonse ku Mzuzu mwezi uno.

Lachitatu, 2 Juni

Atenga magazi ndi chimbudzi kupita nazo ku labu.

Kumanzere kwanga kuli Che Rajab, a sitolo ya nsalu ku Masasa, kwawo ku Mangochi. Ali ndi shuga ndi chilonda cha paphazi. Ali ndi kawailesi kamene amabisa pansi pa pilo anesi akamadutsa. Kumanja kuli a Zebedee Msiska, mlimi wa ng'ombe zamkaka ku Mzilawaingwe. Ndi munthu wamtali, wa mafupa akuluakulu, koma thupi latha. Wotchi yawo imatsika mpaka pachigongono. Nawonso akutsegula m'mimba, kwa miyezi. Akazi awo, NyaHarawa, amagona pa mkeka pansi pa bedi.

Nditawafotokozera zimene dokotala anandiuza, Che Rajab anawomba m'manja.

"Ndiye kuti m'mimba mwanumo munali matipate, achimwene, inu n'kulowetsamo chipani chimodzi!"

Tinaseka tonse atatu. Kenako tonse atatu tinacheukira kukhomo. Referendamu yatsala pang'ono, anthu akuyankhula poyera m'misewu, koma khosi lidakazolowerabe kucheuka.

Lachinayi, 3 Juni

Tsiku loipa. Miyendo ikunjenjemera. Diripi yachiwiri. Phala ndalawa pang'ono n'kulisiya.

Lachisanu, 4 Juni

Pang'ono bwino. Ku labu akuti sanapeze njoka za m'mimba kapena kamwazi. Fulajilo apitirire. M'kamwa mukuwawa ngati ndatafuna msomali.

A Zebedee akayamba za ng'ombe mawu awo amabwerera mphamvu. Andiuza za ng'ombe yawo, Tafika, imene inasiya kudya atayibaya majekeseni a chilonda cha bere. Inangoima m'khola, osabzikula, mimba ili zii.

"Ng'ombe yosabzikula ndi maliro, adada," anatero. "Ndiye mukudziwa chimene timachita? Timadikira inzake yathanzi ikubzikula. Ukuona mbulu ikukwera pakhosi apa, ukuyigwira pakamwa, n'kulowetsa dzanja. Ukutulutsa zobzikulazo zili zotentha, ukusungunula m'madzi ofunda, n'kumwetsa yodwalayo. Mawa lake Tafika anayamba kutafuna. Nadi, zoonadi! Zamoyo za m'mimba mwa inzake zinakayambitsa za m'mimba mwake."

"Dzanja linabwerako lonse?" anafunsa Che Rajab.

A Zebedee anakweza dzanja, zala zonse zilipo, n'kuligwedeza ngati akubayibitsa basi.

Zandikumbutsa kwathu ku Dowa. Mayi anali ndi chipanda cha chambiko chimene sankachitsuka mpaka kuyera. Ankasiyamo pang'ono pansi, n'kuthiramo mkaka watsopano. Tsiku lina mlongo wanga anachikwecha ndi mchenga pofuna kuwasangalatsa, ndipo mkaka wa sabata imeneyo unangonunkha osagwira. Mayi anakapempha kapu ya chambiko kwa anzawo kutsidya kwa dambo kuti ayambirenso. Sindinkadziwa kuti ankapempha zamoyo. Ndawasowa mayi lero.

Loweruka, 5 Juni

Nthawi yoona odwala itatha, NyaHarawa anatulutsa fulasiki m'chitenje n'kuthira mkaka wofunda m'kapu. Kenako anatulutsa kapaketi konyezimira n'kutapamo supuni ya ufa woyera. A Zebedee anamwa atatembenukira kukhoma.

Ataona kuti ndaona, a Zebedee anandikodola. Ufawo ndi wa matole, ana a ng'ombe. Alangizi a ziweto anawagawira alimi a mkaka kuti azipatsa matole akamatsegula m'mimba. Si mankhwala opha tizilombo, koma ndi tizilombo tenitenito, tabwino, touma, timene timadzuka tikalowa m'mkaka. Akuti chaka chatha unawapulumutsira matole awiri amene anali atagona kale chammbali.

"Dokotala wanena yekha kuti tabwino tatha m'mimba mwanu," anatero. "Nanga akubwezeranimo? Yayi. Akungowonjezera mapilisi opha. Ine ng'ombe sindingayichite choncho."

Ndatopa ndi kuthamangira kuchimbudzi nditanyamula diripi m'manja. Ndinalandira kapu n'kumwa. Unkakoma ngati mkaka wamba, ndi kafungo ka madeya.

Kenako anandigwira pamkono.

"Izi zithere pano, adada. Akamva asisitala, amama awa awathamangitsa mu wodi. Ndiponso akulu anga a Timothy akungofuna chifukwa. Akunena kale kumudzi kuti matendawa wandipatsa ndi mkazi. Akamva kuti amandithirira ufa m'mkaka, ndikafa ine amulanda ana ndi ng'ombe zomwe. Mulonjeze."

Ndalonjeza.

Lamulungu, 6 Juni

Amayi a mvano anabwera kudzaimba. Amake Chifundo abweretsa nthochi zophika ndi msuzi wa nkhuku. Ndadya theka. Ndamwanso kapu ya a Zebedee. Sindinawauze amake Chifundo.

Lolemba, 7 Juni

Achotsa diripi. Dzanja latupa pamene panali singano.

Pa raundi ndinafunsa a Mwafulirwa ngati munthu angabwezere tizilombo tabwino m'mimba pomwa chambiko. Anati kwa ine palibe choletsa, bola mkakawo uyambe wawiritsidwa ndipo chiwiya chikhale chaukhondo. Anthu akhala akumwa chambiko kuyambira kalekale, ndipo matupi athu amatidziwa tizilombo take.

A Zebedee anadzutsa mutu. "Nanga ine, adokotala?"

"Inu ayi, adada, pakadali pano. Matumbo anu ali ndi zilonda, ndipo thupi lanu lilibe chitetezo chokwanira. Kachilombo kabwino n'kabwino kakakhala m'matumbo. Kakadutsa pachilonda n'kulowa m'magazi, sikadziwanso kuti n'kabwino. Kwa inu chilichonse chizikhala chowiritsa."

Atachoka ndinawauza a Zebedee kuti ine ufa uja ndasiya, ndipo nawonso asiye. Anaseka mofooka.

"Thole lotsegula m'mimba lili ndi mphamvu kuposa ine? Limakhala litatheratu, maso atalowa. Koma limadzuka. Mimba ndi mimba, adada."

NyaHarawa anapukuta kapu ndi nsonga ya chitenje nthawi yaitali.

Lachiwiri, 8 Juni

M'mimba mwayamba kugwira. Ndayenda ndekha mpaka pakhonde. Mitengo ya paini kuseri kwa mpanda inali m'nkhungu, ndipo ndinaima pamenepo mpaka kuzizira kunandibweza.

A Zebedee akuti ndachira chifukwa cha ufa wawo. Mwina ndi fulajilo, mwina ndi nthawi chabe. Sindikudziwa. Koma kuchira kwanga kwawalimbitsa mtima, ndipo lero auza NyaHarawa kuti azithira masupuni awiri.

Lachitatu, 9 Juni

A Zebedee adzuka akunjenjemera mpaka bedi kumalira. Thupi latentha kufika 39.6. Awatenga magazi pachala. Malungo sanapezeke, koma awayambitsa kwinini m'diripi, poti nthawi zina malungo amabisala.

Ine fulajilo ndikupitiriza. Chambiko cha amake Chifundo, kapu imodzi masana.

Lachinayi, 10 Juni

40.1. Ayezanso malungo, palibe. A Zebedee akuyankhula zosamveka, akuitana ng'ombe mayina. Milomo yauma, yasweka.

A Mwafulirwa anaima pa bedi lawo nthawi yaitali, akuwerenga faelo. Anamvetsera chifuwa, anadina pamimba. Kenako anafunsa NyaHarawa m'Chitumbuka, n'kubwerezanso m'Chichewa ngati akufuna kuti ifenso timve.

"Amama, pali chimene amwa kupatula zathu zino? Mankhwala achikuda, mizu, chilichonse? Sindikukalipirani. Ndikufuna ndidziwe chimene ndikulimbana nacho."

"Yayi, adokotala. Mizu sitimwa ise."

Sananame. Mizu samwadi. Dokotala anayang'ana kwa Che Rajab, anayang'ana kwa ine. Ine ndinayang'ana bulangete.

Masana ndinawapeza NyaHarawa pampopi akutsuka mbale. Ndinawapempha kuti akanene okha. Anati ufa uja anasiya kuwapatsa dzulo, ndiye kunena kuthandiza chiyani? Ndinati ngati tizilomboto talowa kale m'magazi, kusiya sikutitulutsa, ndipo kwinini satigwira.

"Inu munamwa, simunadwale," anatero.

"Ine si iwo, amama."

Anatseka mpopi. "Mukanena, mwandipha ine. Mukapanda kunena, mwina mwapha iwo. Ine ndasowa pogwira, adada. Ine ndinangochita zimene anandituma." Misozi inkagwera m'mbale yotsuka kale.

Ndakhala ndikuganiza madzulo onse. Ife a msinkhu uno tinakula tikudziwa kuti munthu woipitsitsa pamudzi ndi woneneza anzake. Tinaona anthu akutengedwa chifukwa cha mawu amene wina anakanong'oneza kuofesi ya chipani. Ndinaphunzira kutseka pakamwa ndisanaphunzire kumeta ndevu, ndipo ndakhala ndikuyesa kuti umenewo ndiwo ulemu. Lero munthu akupsa pafupi nane ndipo ulemu wangawo sukumuziziritsa.

Che Rajab anazimitsa wailesi n'kunena chapansipansi, osandiyang'ana: "Achimwene, ine maso ndili nawo, koma Chitumbuka sindimva, ndipo sanandilonjezetse ine. Amene akudziwa dzina la chinthucho ndinu."

Lachisanu, 11 Juni

Ndilemba zonse monga zinachitikira.

M'mawa a Zebedee anatsegula maso, nzeru zitabwerako pang'ono. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi lawo n'kuwauza kuti dokotala akabwera ndinena. Ndinati sindipita kuofesi kwake mobisa, ndinena pompano iwo akumva.

"Munalonjeza," anatero. Mawu ankatuluka movutikira.

"Ndinalonjeza."

"Ndiye ndinu munthu wotani?"

Ndinabwerera pa bedi langa kukadikira dokotala.

A Mwafulirwa atafika ndi asisitala, ndinaimirira. Ndinati a Zebedee akhala akumwa ufa wa matole m'mkaka kuyambira sabata yatha, ndipo inenso ndinamwako kawiri. Ndinati anaitanitsa ufawo ndi eni ake, ndipo amayiwa anangomvera. Asisitala anayamba kukweza mawu, koma dokotala anawaletsa ndi dzanja.

"Amama, paketiyo ilipo?"

NyaHarawa anamasula mfundo ya chitenje n'kuipereka ndi manja awiri, atagwada. Dokotala anawerenga mbali zonse, ngakhale timalemba tating'ono ta pansi.

"Ufa uwu si poizoni," anatero. "Kwa thole ndi wabwino, ndipo mwina matole anu unawathandizadi. Koma anauyesa pa matole. Palibe anauyesa pa munthu, ndiye palibe angakuuzeni muyezo wake, kapena zina zimene zinalowamo poupanga ndi pousunga m'khola. Nkhuku ili ndi tizilombo take, ng'ombe take, munthu take. Tina timagwirizana ndi onse, tina ayi. Ngakhale pakati pa anthu, taonani: bambo awa amwa, ali chiimire. Inu mwamwa, thupi lilibe alonda, zitseko za m'matumbo zili zotsekula."

"Ndiye ndi ufawo?" anafunsa NyaHarawa.

"Sindingalumbire. Munthu wofooka chotere tizilombo ta m'matumbo mwake momwe tingathe kulowa m'magazi. Labu yathu singathe kusiyanitsa. Koma tsopano ndadziwa koyang'ana, ndipo ndikanakonda kudziwa Lachitatu."

Mawu otsirizawo sananene kwa ine, koma anafika kwa ine.

Achotsa kwinini. Atenga magazi a pamkono n'kuwathira m'botolo kuti aone chimene chimere. Ayamba ampisilini wa m'mitsempha maola asanu ndi limodzi alionse, ndi jekeseni wa jentamaisini. Inenso andiyeza kutentha kawiri. Ndili bwino. Asisitala analanda fulasiki, koma NyaHarawa sanawathamangitse.

A Zebedee atembenukira kukhoma. NyaHarawa wasamutsa mkeka wake kupita mbali ina ya bedi, kutali ndi ine.

Loweruka, 12 Juni

39.8. Palibe kusintha. Palibe wandiyankhula kumanja.

Ndawauza amake Chifundo zonse. Anandikalipira chifukwa chomwa za ng'ombe, kenako anandisendera lalanje. Pochoka anasiya malalanje awiri pa kabati ya a Zebedee. Madzulo ndinawapeza abwezedwa pa kabati yanga.

Lamulungu, 13 Juni

39.4. Amwa madzi pang'ono ndi supuni. Fulajilo wanga watha lero.

Lolemba, 14 Juni

Tsiku lovota. Wodi ili zii, anesi akusinthana kupita kukaima pamzere. Che Rajab anavala mkanjo woyera ndi kofia, n'kuuza asisitala kuti akupita kukawothera dzuwa. Kunja kunalibe dzuwa. Anabwerako masana pa njinga ya mphwawo, bandeji ili matope okhaokha, chala chili ndi inki.

"Mwavotera nyali kapena tambala?" anafunsa wina wa kumapeto kwa wodi.

"Ndavotera phazi langa kuti lipole," anatero Che Rajab, ndipo sanacheukire kukhomo.

Ine sindinapite. Ndinalembetsa ku Luwinga, ndipo miyendo singandifikitse. Ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ndidzalira chifukwa cholephera kuvota, koma maso anga anali pa kachubu ka diripi ya a Zebedee, kuwerenga madontho osadziwa chifukwa chake. 38.9.

Lachiwiri, 15 Juni

38.2. Atuluka thukuta mpaka kunyowetsa nsalu. Apempha phala.

Dokotala akuti m'botolo muja mwamera tizilombo ta mtundu wokhala m'matumbo, timene timapezeka mwa anthu ndi mwa ziweto zomwe. Kumene tinachokera sangathe kunena. Mankhwala apitirire masiku ena ambiri.

Lachitatu, 16 Juni

Kunja malole akuliza mahutala, anthu akuimba kuchokera kumsika. Nyali ya matipate yapambana. Anesi ena akuvina pakhonde, ena angokhala duu.

Pakati pa phokosolo panafika a Timothy, akulu awo a Zebedee, atavala jekete lakuda ndi chipewa. Nkhani ya ufa inali itawapeza kale, sindikudziwa kudzera mwa yani. Wodi ilibe chitseko chotseka mawu. Sanapereke moni kwa mlamu wawo. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kuyamba kuyankhula Chitumbuka chothamanga, chala chikuloza NyaHarawa, amene anali atagwada pansi. Zimene ndinkaopa zija zinali zitafika, ndipo wozibweretsa ndinali ine.

A Zebedee anapempha kuti awadzutse. Panalibe nesi pafupi, ndiye ndinawagwira kumsana ndine. Sanandikane. Anayankhula m'Chichewa, mwina kuti wodi yonse ikhale mboni.

"Akulu, ufa ndinatuma ndine. Mkazi uyu anakana kawiri, ine ndinamukalipira. Anthu onsewa amva. Ndikafa mawa kapena chaka chamawa, munthu asadzamuloze chala. Ana ndi ake, ng'ombe ndi za ana. Adada awa ndi ophunzira, amva. Che Rajab amva."

"Tamva," anatero Che Rajab mokweza. "Ndipo ife a sitolo sitiiwala nkhope."

A Timothy anavula chipewa, anachitembenuza m'manja, kenako anakhala pa benchi. Sanapepese. Koma pochoka anati kwa NyaHarawa, "Mukhale makora, mulamu."

Nditawagoneka, a Zebedee anatembenukiranso kukhoma. 37.6.

Lachinayi, 17 Juni

Dokotala akuti mawa ndituluka. Malangizo: chambiko cha mkaka wowiritsa, zakudya zofewa, ndipo makapisozi a pamsika ndisadzawayandikirenso.

Ndinamufunsa pakhonde za a Zebedee. Anati za wodwala wina sangandiuze zambiri. Kutentha kwa m'magazi kukutha, ndipo akapitiriza chonchi adzapita kwawo. Matenda amene anawabweretsa aja alipobe. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi.

Lachisanu, 18 Juni

Ndikulemba ndili kunyumba, ku Luwinga.

Amake Chifundo atamanga katundu, ndinatsanzikana ndi Che Rajab. Akuti ndikapite kusitolo kwawo ndikasankhe nsalu ya buluku, poti akale onse akundikhwepa. Kenako ndinaima pa bedi la kumanja. NyaHarawa ankawamwetsa amuna awo phala. Anandiona, n'kuika supuni m'mbale.

"Adada Msiska, ndikupita," ndinatero.

A Zebedee anameza phala. Kenako anatembenuza mutu. Maso awo anali oyera, a munthu amene wabwerako.

"Munaphwanya lonjezo, adada."

"Ndinaphwanya."

"Pamaso pa anthu. Ine munthu wamkulu, wodi yonse kumva kuti ndimamwa za matole."

"Inde."

"Ndipo munachedwa nalo. Mukanati muphwanye, mukanaphwanya Lachitatu."

Pamenepo NyaHarawa anaseka mwadzidzidzi, n'kubisa nkhope m'chitenje, ndipo kusekako kunasanduka kulira. A Zebedee anamuyang'ana mkazi wawo nthawi yaitali. Kenako anatulutsa dzanja m'bulangete, lopepuka ngati la mwana, n'kugwira langa.

"Yewo, zikomo wathu uja, sindinena lero. Mtima sunafike. Mukabwere ku Mzilawaingwe ndikatuluka, mwina ndikakanena kumeneko."

"Ndidzabwera."

"Musachedwenso," anatero.